Dzino Nambala 417

Anakumana pa siteji ya makombi, maminibasi a m'tauni, ku Machipisa. Melina anali atatola kamwala pansi n'kukanyambita.

"Sisi, njala yafika pamenepa?" anafunsa mnyamata wa shati yoyera. "Bwerani ndikugulireni banzi."

"Ndi ntchito yanga imeneyi," anayankha Melina. "Fupa lakale limamata pa lilime, mwala sumata. Uwu ndi mwala chabe."

Mnyamatayo anali Lawson, wogulitsa mafoni. Melina anali wa ku Glen Norah, ndipo anaphunzira za nyama zakalekale zimene mafupa ake anasanduka miyala. Chilimwe ankakakumba ku chigwa cha Zambezi, miyezi inayo ankasamala zomwe wakumbazo mu miyuziyamu ina m'tauni. Fupa lililonse ankalilemba nambala ndi inki yakuda, ndipo seveni wake ankamudula pakati.

Pasanathe sabata foni inayamba kulira.

"Duwa langa la ku Glen Norah, wadzuka?"

"Mudiwa, wokondedwa wanga, iwe umafukula mafupa, ine ndafukula golide!"

"Ngakhale patapita zaka mamiliyoni, adzapeza dzina lako pa mafupa anga."

Ndani sakanagwa m'chikondi? Mtsikana amene anyamata am'dera ankamutcha "mkazi wa mafupa", lero duwa!

Tsiku lina Lawson anatulukira ku ntchito. Anachonderera kuti aone chipinda chamkati, kumene alendo saloledwa. Melina ankalidziwa lamulo, koma anatsegula. Anamuonetsa dzino la dayinoso, lalitali ngati chala, loyamba kulikumba ndi manja ake. Nambala 417.

"Ligwire bwino," anatero. "Ili ndi mwana wanga woyamba."

"Ndiye ine bambo ake," Lawson anaseka.

Mlonda anaitana kuti kwafika alendo. Melina anatuluka mphindi zisanu zokha.

Patapita masabata awiri Melina anatsegula dirowa imene ankasungamo dzino lija. Dzino munalibe!

Mayi Ratidzo, mkulu wa miyuziyamu, sanachulutse mawu. "Makiyi a chipindacho ali ndi iwe wekha. Lachisanu dzino likapanda kupezeka, uwasiye pa tebulo langa."

Melina anaimbira Lawson n'kumufunsa za dzinolo.

"Ine, mtima wanga? Ndibe mwana wathu?" anatero Lawson. "Wandilasa, Melina. Wandilasa kwambiri!"

Amene anapepesa ndi Melina.

Lachinayi poweruka anakwera kombi. Pambali pake panakhala mtsikana wina akucheza ndi amayi ake pa foni, Chichewa chosakaniza ndi Chishona. M'khosi mwake munali mkanda, ndipo pa mkandapo panalendewera dzino lokulungidwa ndi waya wa kopa.

Melina anadikira kuti amalize kulankhula.

"Mkanda wokongola, sisi. Ndingauone?"

"Onani! Ndi dzino la mkango. Anandipatsa chibwenzi changa, Disembala tikumanga ukwati. Ine ndine Primrose."

Melina analitembenuza. Pansi pa waya panali manambala atatu, seveni wodulidwa pakati.

"Dzina lawo ndani?"

"Lawson. Koma munthu ameneyo ndi mawu! Amati ngakhale patapita zaka mamiliyoni..."

"Adzapeza dzina lanu pa mafupa ake," Melina anamaliza.

Primrose anamuyang'ana, kukamwa yasaa. Melina sanalire, mu kombi munali anthu. Anangotulutsa foni n'kumupatsa kuti awerenge yekha. Mtsikanayo anawerenga mauthenga onse, kenaka anatsegula foni yake n'kuziika pamodzi. Mawu omwewo, tsiku lomwelo, ola lomwelo. Kwa Primrose linali "duwa langa la ku Warren Park".

"Sisi, ndiye la mkango si la mkango?"

"Mkango usanabadwe n'komwe, dzino ili linali kale pansi."

Primrose anavula mkandawo yekha, misozi ili chuchuchu. "Tengani. Likundiwotcha khosi."

Lachisanu mmawa Melina anaika dzino pa tebulo la Mayi Ratidzo n'kunena zonse, osabisa za chitseko chimene anatsegula. Anapatsidwa kalata ya chenjezo. Makiyi sanamulande.

Atabwerera nalo m'chipinda chamkati, Melina anachotsa waya uja pang'onopang'ono. Dzino limene linagona pansi zaka mamiliyoni osakandika linali ndi mzere woyera mbali imodzi. Anatenga khadi la mbiri ya dzinolo n'kulembapo: "Linakandika ndi waya." Apa m'pamene analira, chitseko atakiya.

Foni inalira.

"Duwa langa, wadzuka? Ndakukhululukira kale, usadandaule."

Melina anapukuta m'maso n'kuyankha: "417."

Anabwezera dzino m'malo mwake, n'kutseka dirowa.