Kalata Yopanda Chofufuta

Kodi mungathe kulota amene analemba kalata yomwe inamuliritsa Yunike mlungu wathunthu? Inali kalata yachikondi, mawu ake okoma okhaokha. Komatu atangoiona, chakudya chinamukanika.

Nkhaniyi inayamba m'chaka cha 1989 pa boma la Karonga. Yunike, mtsikana wa ku Lupembe, ankataipa makalata mu ofesi ina yogula mpunga. Tsiku lina pochokera kokadya, anapeza mnyamata wamtali atakhala pampando wake, akujompha makina ndi zala ziwiri.

"Achimwene, makinawo ali ndi mwini wake!"

Mnyamatayo anadzidzimuka. "Pepani achemwali, abwana anu andiloleza. Ndine Ambokile, wa ku Uraha. Ndikulemba kalata yofunsira ntchito ku Botswana."

Yunike anayang'ana pansi. Mapepala anayi okwinyakwinya!

"Ntchito yanji?"

"Ya makompyuta. Ndinaphunzira ku Zomba."

"Makompyuta? Ndi zala ziwirizo? Mukujompha ngati nkhuku pamphasa ya mpunga. Tasunthani!"

Zala khumi za Yunike zinathamanga, ndipo posakhalitsa kalata inatha. Ambokile sanayang'ane kalatayo. Ankayang'ana mwini zala.

"Ndaga fijo," anathokoza m'Chinkhonde. "Kodi mawa ndikabwera ndi kalata ina, mudzandithamangitsa?"

Anabweradi, koma wopanda kalata. Anabweranso mkuja, atanyamula nthochi. Pamene yankho la ku Botswana lomupatsa ntchito linkafika, awiriwa anali atasiya kale kutchulana kuti "inu."

Tsiku lotsazikana, ataonetsa makhadi a chipani pakhomo la depoti, anaima pambali pa basi.

"Mpunga wanga wa Kilombero, usalire. Fungo lako lokoma ndidzalimva ndili ku Gaborone."

"Kumeneko kuli akazi ovala mathalauza, Ambo. Udzandikumbuka ine wa diresi lofika m'miyendo?"

"Tamvera lonjezo langa. Khirisimasi ya chaka chamawa amalume adzafika ku Lupembe kudzakupempha kwa makolo ako. Mtima wanga ndausiya m'manja mwako."

Makalata anayamba kubwera, olembedwa pamanja, zilembo zopindikapindika. Yunike ankawawerenga mpaka mapepala kufewa. Ambokile ankasimba za kuzizira kwa kumeneko, za chipinda cha makompyuta chimene salowamo ndi fumbi, ndiponso za mayi Prisca, sekilitale wochokera kuno ku Malawi, amene ankamuthandiza kuzolowera.

Kenaka, mwezi wa Seputembala, inafika kalata ija.

Pepala lake linali lachilendo, la timabowo m'mbali monse. Mawu ake anali otaipa. Yunike analitembenuza, naliyang'ana padzuwa. Panalibe pofufuta ngakhale pamodzi! Mizere yonse inali yowongoka, masamba awiri athunthu.

Esnart, kalaliki mnzake wa ku Ntcheu, anamupeza akusisima.

"Mtsikana iwe, kwagwa maliro?"

"Tawerenga."

Esnart anawerenga, nayamba kumwetulira. "Iii, koma amuna ena! 'Ndikatseka maso ndimaona zala zako.' Ndiye ukulira chiyani? Wanga amangolemba kuti nditumizire usipa."

"Esnart, ndakhala pamakina awa zaka zinayi. Abwana akafuna kalata amatani? Amaima kumbuyo kwanga, iwo akulankhula, ine ndikutaipa. Ambokile ndimamudziwa, mzere umodzi amalakwitsa katatu. Ili ndi dzanja la mkazi wodziwa ntchito."

"Ukunena mayi Prisca aja?"

"Nanga ndani? Anaima kumbuyo kwake n'kumati 'mpunga wanga wa Kilombero,' mkaziyo akumva, mwina akuseka! Mawu anga, dzina langa, m'makutu mwa wina!"

Kodi pali chopweteka choposa chimenechi? Mawa lake Yunike anapita ku positi ofesi natumiza telegalamu: "AMALUME ASABWERE. KWATIRANI WOKUTAIPIRANIYO."

Makalata ena atatu anabwera. Adiresi pa envelopu inali yotaipa, choncho sanawatsegule. Anawaponya m'dirowa. Koma tsiku lililonse ankatsegula dirowayo, n'kuwayang'ana, n'kutsekanso.

Kutatsala masiku asanu kuti Khirisimasi ikwane, chitseko cha ofesi chinatseguka. Anali Ambokile, fumbi mpaka m'nsidze, atayenda masiku anayi pabasi.

"Yunike wanga, ndalakwa chiyani?"

"Takulandirani, bambo. Tikuthandizeni chiyani?" anayankha Yunike, maso ali pamakina.

"Bambo? Ine ndasanduka bambo?"

"Mayi Prisca ali bwanji?"

"Mayi Prisca? Ali ndi zidzukulu zitatu! Makalata anga sunawerenge? Ndinafotokoza zonse." Anapisa m'thumba natulutsa kanthu kakuda, kaphanthiphanthi. "Iyi ndi disiki. Makalata onse otaipa aja ali m'menemu."

Yunike anaitenga, naiyang'ana padzuwa monga anachitira ndi pepala lija. Sanaonemo chilembo.

"Mukundiyesa mwana?"

Kompyuta yoti amuonetsere akanaipeza kuti? Ambokile anayang'ana uku ndi uku, kenaka anati, "Tasuntha."

Anakhala pampando uja, nalowetsa pepala mokhota. Zala ziwiri zija zinayamba kujompha mawu a kalata ija. Asanamalize mzere woyamba analakwitsa, ndipo chala chake chinayamba kufufuza pakona ya makina.

"Batani lofufutira lili kuti?"

Esnart anaseka mpaka kugwira tebulo. "Alamu, kuno timafufuta ndi utoto woyera!"

"Ndi chimenechotu!" anatero Ambokile. "Pa kompyuta mawu amayamba aoneka pagalasi. Ukalakwitsa umadina batani, cholakwacho n'kuzimiririka, osasiya chipsera. Ukakhutira m'pamene makina amasindikiza papepala. Kalata ija ndinailemba masiku asanu ndi anayi, anzanga akudya nkhomaliro. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha ulandire kalata yoyera ngati zako, unyadire kuti mwamuna wako waphunzira."

Yunike anatsegula chikwama chake natulutsa kalata ija, pakuti ngakhale inamuliza, sanaisiye kunyumba tsiku ndi limodzi lomwe.

"Pitiriza," anatero motsitsa mawu.

Ambokile anapitiriza osaona pena paliponse. Yunike ankatsatira ndi chala pa kalata yake. Liwu ndi liwu, mzere ndi mzere, zonse zinali m'mutu mwa Ambokile! Pepala linadzaza zolakwa, thukuta likugwera pamakina. Atafika pa mawu akuti "ndikatseka maso ndimaona zala zako," Yunike anagwira dzanja lake.

"Basi, Ambo. Undithyolera makina."

"Wandikhulupirira, mpunga wanga?"

Misozi ya Yunike inatsika, koma ankaseka. Anasolola pepala lodzaza zolakwa lija, nalipinda bwinobwino, naliika pachifuwa.

"Iyi ndiye yanga. Uwauze amalume abwere Loweruka. Koma kuyambira lero uzindilembera pamanja, wamva?"

"Ndamva, mayi."

Esnart analuluta mpaka alimi amene anali pasikelo panja anasuzumira pawindo.

Kalata imene inamuliritsa Yunike mlungu wathunthu analemba ndi Ambokile yekha, ndi zala ziwiri.