Thumba Limene Linkabuula

Dzuwa litapendeka, Tryness anagwada kuseri kwa nyumba kuchapa mabandeji a mwamuna wake, nsalu zazitali zija oponya nkhonya amakulunga m'manja asanavale magolovesi. Zinkanunkha thukuta losasa moti sopo ankachita kugonja. Ku mtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo kunkachokera phokoso limene mudzi wonse wa Kambalame, kufupi ndi Sinda, unali utalizolowera: phi, phi, phi-phi. Mwamuna wakeyo, Davide, anali pa thumba lake.

Pa nkhonya Davide sanali wamasewera. Anayambira m'maholo a ku Katete, n'kudzatenga lamba wa chigawo ku Chipata, n'kukagwetsanso anthu ku Lilongwe ndi ku Tete. Koma Lusaka inamukana kawiri, ndipo kawiri konseko anabwerako maso atatupa, akutsika basi chogwiririra. Chifukwa chake chinali chodziwika. Anzake a m'tauni ali ndi anthu oyeserera nawo tsiku ndi tsiku, pamene kuno kunalibenso wofuna kuima patsogolo pake. Womaliza anasiya mano awiri pansi pa mangowo n'kubwerera kukalima thonje, poti thonje silibweza chibakera.

Apa m'pamene anatulukira a Newton, kochi wochokera ku Vubwi, kamunthu kochepa thupi, ka mawu ofewa ngati mkulu wa mpingo. Polankhula ndi munthu sankamuyang'ana kumaso, ankayang'ana pansi, ndipo anthu ankati ndi ulemu. Anataya thumba lakale la sanza ndi utuchi n'kusoka lina lachikopa cha ng'ombe. Ankalidzaza okha, pang'onopang'ono, ndi dothi la m'kachitini, ndipo sankalola wina kukhudza pakamwa pake.

Kuyambira pamenepo dzanja la Davide linalemera. Anapambana katatu motsatizana, onse n'kuwagwetsa isanathe ndime yachinayi. Mudzi unavina. Koma walira mvula walira matope.

Woyamba anali Gift, woyendetsa ngolo, chimunthu chimene chinkanyamula matumba awiri a chimanga nthawi imodzi. Anagwa pa mjigo madzulo atagwira nthiti, ndipo patapita masiku asanu anapita. Adzukulu amene anasambitsa mtembo anatuluka osayang'anana. Ananong'ona kuti thupi lonse linali ndi mabala akuda, ozungulira, okula ngati lalanje. Wachiwiri anali a Mikidadi, wogulitsa nyama pamsewu, naye wamphamvu, naye mabala omwewo. Wachitatu anali woteteza kumbuyo m'timu ya mpira ya m'mudzimo.

Mudzi unasanduka wa anthu oyang'anana ndi diso lofiira. Moni anatha. Agalu ankalambalala bwalo la Davide michira ili pakati pa miyendo, koma zimenezo palibe anaziona, chifukwa anthu anali atasankha kale mfiti yawo. Anathamangira kwa a Norah, mayi wamasiye wopanda mwana wamwamuna, n'kuwatenthera nkhokwe. Ufiti wa kwathu kuno umakonda kuonekera pa munthu wopanda womuteteza, pamene wovala jekete ya masewera amadutsa akupatsidwa mpando.

Kenaka kunabwera uthenga woti Davide akamenyere lamba wa dziko ku Lusaka. Anali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo mwayi wina sukanabweranso. Sabata yomweyo Ezekieli, mlongo wake wa Tryness, anagwa pa njerwa zimene ankaumba.

Awiriwa anabadwa okha m'mimba mwa mayi awo, ndipo Tryness ankamukonda mlongo wakeyo kuposa mmene ankanenera. Anasamukira kwa mayi ake kukamudwazika, nyumba zinayi zokha kuchokera kwake. Masana Ezekieli ankamwa phala, kuseka kumene. Dzuwa likapendeka ankayamba kudzipinda.

Tsiku lachitatu Tryness anakhala pamphasa atagwira mutu wa wodwalayo. Kutali kunalira wezulo ya a Newton. Phi. Ezekieli anabuula. Phi-phi. Anabuula kawiri, mutu n'kugwedezekera kumanzere ngati wina waukankha. Zinapitirira choncho kwa mphindi zitatu. Wezulo italiranso, thupi linamasuka, munthu n'kuyamba kupuma. Tryness anali mkazi wa woponya nkhonya, ndipo ankadziwa kuti ndime imatenga mphindi zitatu, kupuma mphindi imodzi. Anawerenga chamumtima. Mphindi itakwana wezulo inalira, ndipo mlongo wake anakuwa.

M'mawa Tryness anapita ku dzenje kumene Ezekieli ankaponda dothi la njerwa wopanda nsapato. Mapazi ake anali adakali pamatope ouma m'mbali mwa dzenjelo. Phazi lililonse linali ndi zala zake zonse, koma pa chidendene panali kabowo kozungulira, kukula kwake ngati pakamwa pa kachitini. Munthu anali atatapa mapazi a mlongo wake.

Anathamangira kwa a Norah, amene anali atakhala pafupi ndi phulusa la nkhokwe yawo.

"Lero mwakumbuka njira ya kuno?" anatero mayiwo.

"Pepani amayi. Ezekieli akufa. Phazi lake lili m'thumba la alamu ake."

A Norah anati, "Zotere ndinazimvapo kwathu ndili mtsikana. Khoswe wakhala pa mkhate, mwanawe. Chimene chichitikira thumbalo chichitikira munthu. Mulitsitse bwinobwino, mumasule pakamwa, dothilo mulibwezere pansi ndi manja. Musaliponye, musalitenthe, ndipo mpeni usayandikire."

Tryness anapeza Davide atakhala pa khonde akupaka mafuta magolovesi. Thumba linali lende pamtengo, ntchentche zili ng'waa, likutulutsa fungo la thukuta la munthu amene sanali mwamuna wake.

"Atate a Febby, muli chiyani m'thumba umu?"

"Mchenga."

"Mchenga wa kuti?"

"Kafunse a Kochi."

"Ndikufunsa inu. Mukamalimenya simumva kanthu?"

Davide anaika golovesi pansi. Sanakwiye, ndipo chimenecho n'chimene chinamuopsa mkazi wake. "Limabuula," anatero. "Nthawi zina limazinda ngati munthu. Tryness, ku Lusaka anandichititsa manyazi kawiri. Kwatsala masiku asanu ndi anayi basi. Mlamu wanga ndi wolimba, apirira."

Tryness anamuda mwamuna wake nthawi yomweyo, chidani chenicheni chochokera m'chiwindi. Ndipo apa m'pamene analakwitsa. M'malo mokafuna makwerero n'kutsitsa thumbalo mwakachetechete, anakuwa. Anatchula Gift, anatchula a Mikidadi, anatchula mapazi otapidwa, ndipo amayi amene ankachokera ku mjigo anatula zidebe n'kumvetsera.

Nkhani yotere siyenda, imauluka. Ola lisanathe bwalo linadzaza ndi anthu a zikwanje ndi mipini. Ena anathamangira ku kanyumba ka a Newton ndipo anapeza chitseko chili pululu. Wogulitsa tomato pamsewu anati anawaona atakwera njinga yamoto, akulowera kum'mawa, kachikwama kali pamsana. Davide anagwetsa amuna awiri oyamba kumuyandikira, n'kulumpha mpanda, n'kulowa m'munda wa mpendadzuwa. Palibe anamutsatira, poti aliyense ankawadziwa manja aja.

Mkwiyo ukasowa mwini wake umagwera chimene chili pafupi. Anthu anatembenukira ku mtengo wa mango.

Tryness anafika poyamba n'kulikumbatira thumbalo. Linali lofunda ngati msana wa munthu, ndipo pansi pa chikopa china chake chinkagunda.

"Chonde, musalidule. Mlongo wanga ali momwemu. Tilitsitse bwino."

"Choka apo, mkazi wa mfiti," anatero mkulu wake wa Gift, chikwanje chili m'manja. "Unkadya nyama ya lamba ife tikukumba manda."

"Funsani a Norah, akuuzani."

"Wamva? Akutchula mfiti inzake."

A Norah anali kumbuyo kwa gulu akukweza mawu, koma ndani akanamvera munthu amene anamutenthera nkhokwe mwezi watha? Kumumvera kukanakhala kuvomera kuti analakwa. Amayi atatu anamukoka Tryness tsitsi ndi chitenje mpaka zala zake zinasiya chikopa. Anagwa chagada pa fumbi, ndipo ali pomwepo anaona chikwanje chikukwera.

Chinalowa pakati penipeni n'kutsika mpaka pansi. Dothi linakhuthuka lonyowa, lamitundumitundu, lofiira la ku dambo, lakuda la m'khola, loyera la pa mjigo, ndipo fungo limene linatuluka linabweza anthu m'mbuyo.

Kulira kunayambira kwa mayi ake a Tryness. Iye anawazindikira mawuwo ndipo sanadzuke, anangokwirira nkhope m'fumbi. Anthu anayamba kuyang'anana mwamanyazi, ena n'kumabisa zikwanje kumbuyo.

Kenaka kulira kwina kunabuka kumpoto, kwa aphunzitsi. Kwina kuseri kwa tchalitchi. Kwinanso kutsidya kwa msewu. A Newton anali munthu wokonzekera, anali atasungiratu m'thumbamo mapazi okwanira masiku onse asanu ndi anayi. Aliyense pabwalopo anaima chilili, khutu lili kwawo.

Mkulu wake wa Gift anali adakagwira chikwanje pamene mkazi wake anatulukira pa mpanda akuthamanga, mpango utagwa, akuitana dzina la mwana wawo woyamba.