Wogogoda Pakhomo la Mayi Pettiford

Chodabwitsa chinali chakuti pakabowo kosuzumira ka pachitseko sipankaoneka munthu. Kugogodako kunali kolemera, kwa chibakera, kwa munthu amene sanazolowere kudikira. Koma Mayi Odessa Pettiford atasuzumira, anangoona khonde lawo, nyali yake yachikasu, ndi chipale chofewa chikutera mwakachetechete pamasitepe.

"Ndani?" ananong'ona amuna awo, Bambo Lemuel, ataima pakhomo la chipinda chogona.

"Palibe."

"Palibe sagogoda, mayi. Kapena magalasi anuwo nawonso apuma pantchito ngati eni ake?"

Mayi Pettiford sanaseke. Miyezi itatu m'mbuyomo, Cedric Tolliver, mwana wa mayi woimba naye kwaya, anamwalira ali m'manja mwa apolisi amene anamuimitsa chifukwa cha nyali ya galimoto. Anthu atadzaza misewu, khonsolo ya mzinda inakhazikitsa lamulo ladzidzidzi, la miyezi itatu yokha, lopatsa komiti ya anthu wamba mphamvu yoitana wapolisi aliyense ndi kumulumbiritsa. Komitiyo sinkaloledwa kumva nkhani popanda mamembala asanu. Ena anali atatula kale pansi udindo, ndipo otsala anali asanu ndendende, Mayi Pettiford, mphunzitsi wopuma pantchito, ali mmodzi wa iwo. Mboni sinapezeke. Apolisi onse oitanidwa ankayankha mawu ofanana, ngati ana oloweza ndakatulo imodzi.

Kutacha Mayi Pettiford anaona mapazi a nsapato zazikulu m'chipalemo. Sanali kutsogolo kwa chitseko ayi. Anali pambali, mophatikira khoma, ngati kuti mwini wake ankamvetsera kupuma kwa nyumba.

Usiku wotsatira kugogoda kunabweranso, ndipo kunapitirira sabata yonseyo. Nthawi zina kunkadza mphika wa khofi usanazizire, nthawi zina mzinda wonse uli zii, pongomveka mapaipi otenthetsa nyumba akulira m'makoma. Masiku ena m'mawa mwake khonde linkakhala loyera, lopanda phazi ngakhale la mphaka.

Kutchalitchi kunali mphekesera. Ena ankati galimoto yozima nyali imagona panja pa nyumba ya membala aliyense. Ena ankati galu wa wapampando wa komiti sanafe ndi ukalamba. Mayi wina wa kwaya anawakokera pambali nanong'ona kuti, "Mlongo Odessa, ameneyo ndi Cedric. Munthu wopita mwa mtundu umenewo sagona."

Mayi Pettiford, amene kwa zaka zambiri ankaletsa ana a sukulu kukhulupirira zopanda umboni, anayamba kugona atavala nsapato. Anakapimitsa kuchipatala. Dokotala sanapeze kanthu.

"Tipite kwa mwana wathu mukapume," anatero Bambo Lemuel. "Komiti ilipo ndi mawa, koma mkazi ndili naye mmodzi, wolongolola yemweyu."

"Msonkhano womaliza uli Lachinayi, bambo."

"Mukamva chiyani chimene simunamve? Onse adzati sanaone kanthu."

Anapita kwa mwana wawo. Kunena molondola, palibe anawakakamiza. Sutikesi analongedza okha. Lachinayi mamembala anayi anadikira m'chipinda chozizira mpaka mlonda anazimitsa magetsi. Lachisanu lamulo linatha mphamvu, ndipo khonsolo inakana kuliwonjezera masiku, ponena kuti komiti yolephera ngakhale kukumana ilibe phindu.

Usiku umene anabwerera kwawo, chitseko chinaliranso. Mayi Pettiford anali atatopa ndi mantha, ndiponso manyazi anali atawaposa. Sanasuzumire. Anachotsa tcheni natsegula, kenaka anatulutsa mutu ndi kuyang'ana kumanzere.

Pakhomapo panatsamira mayi wachitsikana, wavala jekete yakuda ndi nsapato zazikulu, maso ali ofiira.

"Mayi Pettiford? Ndine Renita Whitlock. Ndine wapolisi. Ndinalipo usiku wa Cedric."

"Nanga mukubisaliranji kukhomako, mwanawe?"

Mtsikanayo anayang'ana pamene anaima, ngati wadzidzimuka kutulo. "Sindinabisale, mayi. Ndi mmene anatiphunzitsira. Ukagogoda suima kutsogolo kwa chitseko, kuopa chipolopolo. Miyendo imangopita yokha."

"Bwanji osaitana dzina langa?"

"Kuti msewu wonse umve? Ndinkafuna mundiitane ndinu, mwalamulo, anzanga aziti ndinakakamizidwa. Pandekha sindingathe. Ndili ndi mwana wamng'ono. Ndinali kuchipatala ndi mayi anga, nkhani sindinatsatire. Msonkhano uja anausuntha, eti?"

Mayi Pettiford anagwira mphuthu ya chitseko. Chiganizo chimene anayankha chinali chachifupi, ndipo ananena pambuyo pake kuti pa moyo wawo wonse sanalankhulepo china cholemera chotero.

"Komiti kulibenso."

Anamulowetsabe. Bambo Lemuel anatereka khofi osanena nthabwala. Renita anafotokoza zonse, mwadongosolo: amene anagwada pamsana pa Cedric, amene anatembenuza kamera, mawu omaliza a mnyamatayo. Mayi Pettiford anamvetsera manja ali pamiyendo, podziwa kuti sabata yapitayo mawu omwewa akanakhala umboni, koma lero anali nkhani chabe ya pathebulo la nkhalamba ziwiri.

Potuluka, mtsikanayo anapepesa. "Mundikhululukire ngati ndinakuopsani. Ndinabwera kawiri konse, kenaka ndinataya mtima."

"Kawiri?" anafunsa Bambo Lemuel.

"Kawiri, bambo. Lero n'kachitatu."

Bambo Lemuel anayang'ana akazi awo, koma iwo sanafunse za mausiku enawo. Anali akuganiza za Lamlungu, pamene adzaime m'kwaya phewa ndi phewa ndi mayi ake a Cedric, atagwirizira buku limodzi la nyimbo, akudziwa mawu omaliza a mwanayo.