Kachiwala ndi Kamtengo Kofota

Kachiwala ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti kamtengo kake ka mango kakule.

Dzina loti Kachiwala anamupatsa ndi anzake. Mtsikanayu sankayenda, ankangodumpha.

Kusukulu kwawo, zachilengedwe ankaphunzirira panja. Mwana aliyense anali ndi kamtengo kake kuseri kwa kalasi.

Kachiwala ankathirira kamtengo kake. Ankasesanso pansi pake. Kusesa anaphunzira kwa Amayi ake. Ankasesa masamba. Ankasesa tizitsotso. Pansi pankangoti see!

Koma kamtengoko kanayamba kufota. Masamba anazyolika. Tsamba lina linagwa.

Pafupi panali kamtengo ka mnzake, Katulo. Katulo ankakonda kusinza. Tsache sankaligwira n'komwe. Pansi pa kamtengo kake panali masamba ouma okhaokha. Koma kamtengoko kanali kobiriwira bwino.

Kachiwala anapsa mtima. Anaponya tsache pansi.

"Si chilungamo ichi!" anakuwa. "Ine ndimasesa tsiku ndi tsiku. Katulo amangogona!"

"Sindigona ine," anatero Katulo, uku akuyasamula. "Ndimangopumitsa maso."

Ana onse anaseka. Kachiwala sanaseke.

Aphunzitsi anabwera. Sanakalipe. Anagwada pafupi ndi kamtengo kofota kaja.

"Kachiwala, tagwira dothi lako," anatero.

Kachiwala anagwira. Dothi linali lotentha. Linali louma gwaa!

"Tsopano pisa dzanja pansi pa masamba a Katulo."

Kachiwala anapisa dzanja. Dothi linali lozizira. Linali lonyowa. Kenako chinthu china chinamuyenda pachala.

"Mayo ine! Njoka!"

"Ndi nyongolotsi, iwe," anatero Katulo. "Siluma."

"Masambawa ndi chofunda cha dothi," anatero Aphunzitsi. "Dothi likafunda, dzuwa silimwa madzi msanga. Nyongolotsi zimadya masambawa. Zikatero, dothi limafewa."

Kachiwala anayang'ana tsache. Anayang'ana kamtengo kake.

"Ndiye kuti ine ndimakavula chofunda," anatero chapansipansi. "Pepa, kamtengo kanga."

Ataweruka, anapita kunyumba. Anapeza Amayi ataunjika masamba pabwalo. M'manja anali ndi machesi.

"Amayi, musayatse! Mundipatse masambawo."

"Zinyalalazi? Ukatani nazo, mwanawe?"

"Ndikafunditse kamtengo kanga."

Amayi anaseka. "Aa! Mtengo umamva kuzizira?"

"Ayi, Amayi. Kanga kakumva kutentha."

Amayi anamuyang'ana. Anaona kuti sakuseka. Anasiya machesi. Anatenga dengu. Anawolera masamba limodzi.

M'mawa mwake, Kachiwala anayala masamba pansi pa kamtengo kake. Katulo anamuthandiza. Ulendo uno sanasinze.

Kachiwala anathirira. Anadikira. Anathiriranso. Anadikiranso. Kudikira kunkamuwawa, koma anapirira.

Tsiku lina, pansonga pa kamtengo panatuluka katsamba. Kanali kofiirira. Kanali kofewa. Kanali katsopano!

Kachiwala anathamangira kunyumba. Anakoka Amayi padzanja mpaka kusukulu.

"Taonani, Amayi! Kachira!"

Amayi anawerama. Anaona katsamba kaja. Kenako anapisa dzanja pansi pa masamba.

"Zoonadi, mukuzizira bwino umu," anatero. "Mapapaya anga nawo akufota. Mawa undiphunzitse kuwafunditsa, mwana wanga."

"Mawa n'kutali, Amayi. Tiyeni lero."

Anagwirana manja, ulendo wa kunyumba.