Kaputeni Salowa M'chitini

Madamu a ku laibulale anamenyetsa buku patebulo mwakuti madayisi awiri anadumpha n'kugubudukira kunsi kwa shelefu. Tiasilikali tamatabwa timene tinandanda patebulopo tinagwedezeka, kena n'kugwa chagada.

"Pasapezeke wotuluka muno," anatero akukankha chitseko ndi chidendene. "Ndikufuna amene wadula mapepala m'buku ili. Taonani! Tsamba 210, kenako 217. Apakatiwa auluka?"

Ana asanu a kalabu ya nkhondo zapatebulo anayang'anizana. Kadzidzi anakankhira m'mwamba magalasi ake aakulu aja, omwe anamupatsitsa dzinali, koma anatsetserekanso chifukwa cha thukuta. Mapepala atatu amene madamu ankafunawo anali opindidwa kanayi m'sokosi yake ya kumanzere, ndipo ankawamva akumukanda kuphazi.

Zonsezi zinayamba ndi katoni. Chaka chapitacho, ku laibulale ya pasukulupo kunabwera mabuku khumi ndi awiri a nkhondo za kuthambo: asilikali ovala zitsulo thupi lonse, zombo zouluka pakati pa nyenyezi, ndi adani onga chiswe chachitsulo chodya mizinda yathunthu. Pansi pa katoniyo panali kabuku ka malamulo a masewera ochokera m'nkhani zomwezo. Umandandalika asilikali patebulo, kuyeza ndi rula pomwe mfuti ingafike, n'kuponya madayisi kuti uone ngati chipolopolo chalasa. Tiasilikalito munalibe m'katonimo, choncho achimwene ake a Kadzidzi, munthu waluso ndi mpeni, anawasemera anawo kuchokera ku zidutswa za matabwa.

Kenako Tcheyamani, mnyamata wokonda malamulo kuposa chakudya, anawonjezera lamulo lakelake limene munalibe m'kabuku muja. Kasilikali kalikonse kanapatsidwa dzina la msilikali wa m'mabukumo. Msilikaliyo akafa m'buku, kachidole kakenso kankachoka patebulo mpaka kalekale. Onse ankaimirira n'kuchita saluti, woyamba kuwerenga bukulo ankawerenga mokweza ndime ya imfayo, kenako mwini kachidoleko ankakagoneka m'chitini chakale cha mabisiketi n'kutseka. Musaseke ayi, anawa ankazitenga ngati maliro enieni. M'chitinimo munali mutagona kale asilikali asanu ndi anayi.

Wa Kadzidzi anali Kaputeni Wachipsera. Achimwene anamusema pomalizira penipeni, kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke ndi gulu lawo la asilikali kukasungitsa mtendere kudziko lakutali. Anamupanga wamtali kuposa onse, ndipo ndi nsonga ya mpeni anamulemba kachipsera pachibwano, pamalo pomwe iwonso anali nako.

"Ameneyu undisungire, mlongo wanga," anatero akumupatsa. "Ndikadzabwera ndidzamupeze ali chilili."

Miyezi yoyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse. Koma tsopano panali patadutsa masabata asanu kuli chete. Amayi ankayenda ndi foni ngakhale popita kukayanika zovala, ndipo ankaitchaja ili yodzaza kale. Kadzidzi sankafunsa kanthu. Ankangoonetsetsa kuti Lachisanu lililonse, tsiku la kalabu, Kaputeni waima patebulo.

Ndiye linafika buku lachisanu ndi chiwiri, ndipo ulendo uno woyamba kuwerenga anali iyeyo. Pa tsamba 212 zipolopolo za Kaputeni zinatha. Pa tsamba 215 Kaputeni anafa. Kadzidzi anatseka buku, analitsegulanso, anawerenganso, koma Kaputeni anafabe. Akaganiza za chivundikiro cha chitini chija chikutsekera kachibwano ka chipsera kaja, sankatha kupirira. Ankadziwa kuti thabwa ndi thabwa basi, sanali mwana wa mkaka. Komabe anatenga lezala losongolera pensulo n'kudula mapepala atatuwo bwinobwino m'mbali mwa ulusi. Buku lotsatira linkanena za gulu lina la asilikali, ndiye ndani akanadziwa?

Pobweza, madamu sanalitsegule n'komwe. Kadzidzi anali mwana wokhulupirika, wokutira mabuku ndi nyuzipepala asanayambe kuwerenga. Koma wobwereka wachiwiri anali Ndodo, ndipo buku lochokera kwa Ndodo madamu ankalifufuza tsamba ndi tsamba.

"Iwe Ndodo, imirira," anatero madamu tsopano.

Ndodo anadzuka pang'onopang'ono, kutalika konse kuja, mutu wake kutsala pang'ono kugunda babu.

"Madamu, ine ndinalipeza lili choncho."

"Unalipeza lili choncho, osanena? Wakhala nalo masiku anayi!"

"Ndimaopa kuti munena kuti ndine."

"Nanga ndinene kuti ndani? Buku lachitatu analinyowetsa ndi mvula ndani? Buku lachisanu linabwera ndi girisi pachikuto, anali ndani?"

"Ndine, madamu. Koma izi ayi."

Madamu anatembenuka. "Kadzidzi, mwana wanga, iwe ndi amene unayamba kuwerenga. Pobweza linali lathunthu?"

Kadzidzi anapewa maso a madamu. Anayang'ana Kaputeni ali njo pakati pa tebulo, kumbuyo kwa bokosi la choko limene linkaimira linga.

"Eya, madamu," anayankha. Mawuwo anatuluka okha, aang'ono ngati a mwana wa sitandade wani.

Ndodo anamuyang'ana. Sanakwiye, sanatsutse, anangomuyang'ana basi, ndipo Kadzidzi anazindikira kuti mnzakeyo wadziwa. Akanalephera bwanji kudziwa? Bukulo linadutsa m'manja mwa anthu awiri okha.

"Chabwino," anatero madamu akutsegula dirowa. "Ndinakuchenjeza kuti kuwononga buku kachitatu ndi komaliza. Bweretsa khadi lako. Chaka chino usadzapondenso muno."

Abale inu, khadi la Ndodo! Aliyense m'chipindamo ankadziwa tanthauzo la kakhadi kobiriwirako. Ndodo anabwereza kalasi kawiri, ndipo kale akauzidwa kuti awerenge mokweza, kalasi yonse inkagona pamadesiki ndi phwete. Mabuku a nkhondowa ndiwo anamumasula lilime. Buku loyamba linamutengera miyezi iwiri, chala chili pamzere, koma lachisanu ndi chimodzi analimaliza sabata imodzi. Kwawo ankakhala kuseri kwa shopu yowotcherera zitsulo ya bambo ake, komwe makina ankalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Malo okha achete amene iye ankawadziwa anali muno, ndipo mayeso anali atatsala masabata asanu ndi limodzi.

Ndodo anapisa dzanja m'thumba la malaya. Khadilo analikutira m'kapulasitiki ka shuga kuti lisanyowe. Analivundukula mosamala n'kuliika patebulo pafupi ndi madayisi.

Madamu anatulutsa sizasi.

"Madamu, mwina tikambirane kaye monga kalabu," anayesera Tcheyamani. "Malinga ndi gawo lachinayi la malamulo athu..."

"Khala pansi iwe, muno si m'khoti."

Kadzidzi ankamva mapepala aja akutentha kuphazi ngati waponda khala lamoto. Anali atawawerenga kambirimbiri mpaka kuwaloweza pamtima. Kaputeni ndiye analakwitsa, anatsegula chitseko cha chombo msanga chiswe chachitsulo chisanathe. Asilikali ake atamukoka kuti athawe nawo, iye anawakankhira m'kati n'kutsala panja yekha. Anati, wotsegula chitsekochi ndine, wotseka ndinenso.

Sizasi inayasama. Khadi lobiriwira linalowa pakati pa mano ake. Ndodo anatsinzina.

"Dikirani!"

Onse anatembenuka. Kadzidzi anali atagwada pansi akumasula chingwe cha nsapato.

"Aaa, nsapatonso zalowa pati?" anadabwa Tcheyamani.

Anavula nsapato, anavula sokosi, n'kutulutsa mapepala atatu onyowa ndi thukuta. Anawatambasula patebulo n'kuwasalaza ndi chikhatho. Manambala ankaoneka bwinobwino pamakona: 211 mpaka 216.

"Ndinadula ndine, madamu. Ndi lezala. Ndodo sanachite kanthu. Ndakunamizani."

Madamu anatsitsa sizasi pang'onopang'ono. Anayang'ana mapepala, anayang'ana mtsikanayo, kukamwa kuli yasa.

"Iwe? Iwe amene umandithandiza kumata mabuku ong'ambika? Chifukwa chiyani?"

"Kaputeni wafa," anatero Kadzidzi, ndipo misozi imene anaisunga masabata asanu inangoti chuchuchu. "Wafa pa tsamba 215. Ndiye amayenera kulowa m'chitini. Koma achimwene anati adzamupeze ali chilili, ndipo achimwenewo sakuimba foni, sitikudziwa ngati... Ndimaopa, madamu. Ndimaopa kumutsekera."

Panja ana a fomu wani ankathamangitsana ndi mpira wa mapepala, phokoso lawo likumveka ngati lochokera kutali kwambiri. Madamu anakoka mpando n'kukhala. Anatenga khadi lobiriwira lija, lomwe linali ndi kachizindikiro ka sizasi m'mphepete, n'kulipereka kwa Ndodo ndi manja awiri.

"Ndakulakwira, mwana wanga. Pepa. Ndinaweruza ndisanafufuze." Kenako anatembenukira kwa Kadzidzi. "Za achimwene akozo zandikhudza, ndipo ndikawaona amayi ako. Koma mantha ako unafuna kuti alipire ndi mnzako. Bweretsa khadi lako. Likhala m'dirowa muno mpaka teremu ithe. Kuwerenga uziwerengera pomwe pano ndikukuona, buku osatuluka nalo. Ndipo mapepalawa umata wekha."

Kadzidzi anapereka khadi lake. Chimene chinkamuwawa kwambiri si khadilo ayi. Anayang'ana Ndodo, amene ankakutiranso lake m'kapulasitiki kaja.

"Ndodo, pepa."

"Unandiyang'ana m'maso," anatero Ndodo osadzutsa mutu. "Unandiyang'ana m'maso n'kunena kuti eya."

"Ndikudziwa."

"Ukanandiuza, bwenzi nditakusungira chinsinsi. Ine ndimangoti mwina masambawo anali ndi zotukwana."

Wina anafuna kuseka koma anadzigwira. Tcheyamani anakhosomola, nkhope ili yamanyazi.

"Anzanga, lamulo la chitinili tinapanga tokha. Tikhoza kulisintha. Kaputeni akhoza kutsala patebulo, tingoti anavulala chabe."

Kadzidzi anapukuta magalasi ndi kolala ya yunifolomu. Mtima wake unkafuna kuvomera, unkafunitsitsa ndithu. Koma anayang'ana chitini chija pa shelefu, momwe munagona asilikali asanu ndi anayi a anzake. Atatu mwa iwo anali a Ndodo, ndipo Ndodo anawagoneka yekha popanda kudula tsamba la munthu.

"Ayi," anatero. "Imirirani."

Anaimirira onse, ngakhale madamu. Kadzidzi, phazi limodzi lili losavala pasimenti yozizira, anawerenga ndime yonse mokweza. Mawu anamuthawa kawiri, koma anafika kumapeto, pomwe chitseko cha chombo chinatsekeka. Anachita saluti. Kenako ananyamula Kaputeni n'kupita naye kuchitini.

Kumugoneka kunamukanika. Anayesa, dzanja linakana. Choncho anamuimika pakona, msana utatsamira khoma la chitinicho, pakati pa anzake ogona aja. Atabweretsa chivundikiro, chinakhala pamutu pa Kaputeni n'kupendekeka. Achimwene anamusema wamtali kwambiri.

"Sichitsekeka choncho," ananong'ona Tcheyamani. "Lamulo limati..."

Dzanja lalitali linadutsa paphewa pa Kadzidzi n'kuchotsa chivundikirocho. Ndodo anachiyang'ana uku ndi uku, kenako anachilowetsa kunsi kwa chitini.

"Lamulo limati alowe m'chitini," anatero. "Walowa."

Ananyamula chitinicho n'kuchiika pa shelefu ya pamwamba penipeni, pomwe iye yekha ndiye ankafikira, kachibwano ka chipsera kakusuzumira pakhomo. Atatero anakoka mpando, anatsegula botolo la guluu n'kulikankhira kwa Kadzidzi.

"Vala nsapato, ukutinunkhitsa," anatero, nkhope ikadali yolimba. "Ndigwira buku, iwe uzimata. Koma uyambe ndi 211, ine sindinawerenge."