Nyumba Yopanda Mipando

Panali mtsikana wina wamng'ono. Anthu ankamutcha Kamphepo. Ankamutcha choncho chifukwa sankakhala pansi.

Popita kusukulu, ankathamanga. Pobwerera kunyumba, ankathamanga. Ngakhale pomutuma kukagula mchere, ankathamanga. Kutopa sankakudziwa.

Koma Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kusewera ndi amayi ake.

Amayi ankagwira ntchito kophikira buledi. Ankaimirira tsiku lonse. Ankakanda ufa. Ankanyamula buledi wotentha. Madzulo ankafika ufa uli m'tsitsi, nsapato zili m'manja.

"Amayi, tiyeni tisewere mpira!" anatero Kamphepo.

"Ndatopa, mwanangu. Mawa."

Mawa lake Kamphepo anabwera ndi chingwe.

"Amayi, tiyeni tidumphe chingwe!"

"Ndatopa, mwanangu. Mawa."

Mawa, mawa, mawa. Mawa la amayi silinkafika. Kamphepo anakwinya nkhope. Mtima unamuwawa kwambiri.

"Amayi sandikonda," anatero yekha. "Akanandikonda, sakanatopa."

Tsiku lina aphunzitsi anatenga ana onse. Anati akaone nyumba ina yakale. Ulendo unali wapansi. Njira inali yaitali. Dzuwa linali kuswa mtengo.

"Aphunzitsi, tafika?" anafunsa mwana wina.

"Sitinafike," anatero aphunzitsi, akupukuta thukuta.

"Nanga pano tafika?"

"Sitinafikebe. Yendani."

Ana ankachita kukoka miyendo. Aphunzitsi nawo ankakoka miyendo. Kamphepo yekha ndiye anali patsogolo. Ankadumphadumpha ngati wangodzuka kumene.

Kenaka anafika. Nyumbayo inali kuseri kwa chipatala chakale. Inali yaitali, ya denga lotsika. Utoto wake unali utasuluka.

Pakhomo panali bambo wina wokalamba. Iye ndiye ankayang'anira nyumbayo. Makiyi ankalira m'chiuno mwake. Ana onse ankamutcha Bambo a Makiyi.

"Lowani, ana inu," anatero. "Koma pang'onopang'ono. Mawondo anga sakonda liwiro."

M'kati munali mozizira. Munali miyala ikuluikulu yochapira. Miyalayo inandandalikana mpaka kumapeto. Kamphepo anagwira mwala umodzi. Unali wosalala. Pakati pake panali polowa ngati mbale.

"Agogo, chinadya mwalawu n'chiyani?"

"Manja," anatero Bambo a Makiyi.

"Manja? Manja sadya mwala!"

"Manja a amayi anadya umenewu. Tamverani."

Ana onse anatchera khutu.

"Kalekale m'dziko muno munagwa matenda aakulu. Chipatala chinadzaza. Odwala ankagona paliponse. Zofunda zonse zinada. Nsalu zomangira mabala zinada. Panalibe wozichapa. Anthu ankaopa."

"Ndiye zinatha bwanji?" anafunsa Kamphepo.

"Amayi ambiri anabwera. Anabwera ogulitsa pamsika. Anabwera osoka zovala. Anabwera a ana kumsana. Anatunga madzi. Anawiritsa madzi. Anachapa m'mawa. Anachapa masana. Anachapa mpaka dzuwa kulowa. Odwala anagona pa zofunda zoyera. Ambiri anachira. N'chifukwa chake dziko limasunga nyumba ino."

Kenaka Bambo a Makiyi anatulutsa bulangeti lonyowa. Analiika pamwala.

"Aliyense wobwera muno amayesa kuchapa. Ayambe ndani?"

"Ine! Ine!" anakuwa Kamphepo.

Ananyamula bulangeti lija. Mayo, kulemera kwake! Analimenyetsa pamwala. Phwa! Analinyamulanso. Phwa! Anatikita. Anafinya. Madzi anamunyowetsa mapazi.

Ananyamulanso. Mikono inayamba kunjenjemera. Ananyamulanso. Msana unayamba kuwawa. Anayesanso, koma bulangeti linakana kudzuka.

"Agogo, mikono yanga yalemera," anatero Kamphepo. "Msana ukuwawa. Kodi ndadwala?"

Bambo a Makiyi anaseka.

"Sunadwale, mdzukulu wanga. Kumeneko ndiye kutopa."

Kamphepo anadabwa. Kani kutopa kumawawa chonchi? Ndipo bulangetilo linali limodzi lokha. Silinayere n'komwe.

Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Ankafuna pokhala. Mpando panalibe. Benchi panalibe. Khoma linali lonyowa.

"Agogo, mipando ili kuti?"

"Muno simunakhalepo mpando."

"Nanga amayi aja akatopa ankatani?"

"Ankakhala pansi awiriawiri. Wina kuyang'ana uku, wina kuyang'ana uko. Kenaka ankatsamirana misana. Mnzako ndiye anali mpando wako. Tayesani."

Ana anakhala pansi awiriawiri. Kamphepo anatsamirana ndi aphunzitsi. Msana wa aphunzitsi unali wofunda. Kamphepo anapumira m'mwamba. Aphunzitsi nawo anapumira m'mwamba. Anatsala pang'ono kusinza.

Kamphepo anaganiza kwa kanthawi. Kenaka anafunsa motsitsa mawu.

"Agogo, amayi aja anali ndi ana?"

"Eya. Ine ndine mwana wa mmodzi wa iwo. Mwala wa mayi anga ndi uwo, wa pawindo."

"Ankasewera nanu?"

"Ayi. Ankafika kunyumba atatheratu. Manja atatupa. Maso akutsekeka okha."

"Ndiye kuti sankakukondani?"

Bambo a Makiyi anapukusa mutu.

"Ankandikonda kwambiri. Ankandisisita mutu ndi manja otupawo. Ine ndinkakwiya kuti sasewera nane. Ndinali mwana. Sindinkadziwa."

Kamphepo anangoyang'ana mwala wa pawindo uja.

Pobwerera, Kamphepo sanathamange. Sanadumphe. Anali kumbuyo kwa onse.

"Aphunzitsi, tafika?" anafunsa.

"Aa! Lero mphepo yaleka kuomba?" anatero aphunzitsi. Ana onse anaseka.

Kunyumba Kamphepo anayala mphasa. Anakhala pansi. Anadikira. Anadikirabe. Zikope zinkalemera, koma sanagone.

Chitseko chinatseguka. Amayi analowa pang'onopang'ono. Anaika chikwama pansi. Anaona Kamphepo.

"Ndatopa, mwanangu. Ma..."

"Sindinanene kanthu, amayi!"

Amayi anaseka pang'ono.

"Pepa, mwanangu. Pakamwa panazolowera."

"Bwerani, amayi. Khalani apa. Ayi, osayang'ana ine. Yang'anani uko."

"Masewera anjinso amenewa?"

"Si masewera. Tsamirani pa ine."

"Iwe? Ndikuthyola!"

"Simundithyola. Tsamirani."

Amayi anatsamira pang'ono. Kamphepo analimbitsa miyendo. Amayi anatsamiranso. Anatambasula miyendo yawo. Anapumira m'mwamba.

"Koma mpando uwu ndi wabwino," anatero amayi. "Waugula kuti?"

"Kunyumba ya ochapa," anatero Kamphepo.

Anawauza za miyala. Anawauza za bulangeti lolemera. Anawauza za amayi aja. Amayi anamvetsera zonse. Sananene kuti mawa.

"Amayi, lero ine ndatopa."

"Iwe? Kamphepo wanga watopa?"

"Eya. Kumawawa, eti?"

"Kumawawa, mwanangu."

Kamphepo anatembenuza mutu pang'ono. Kenaka anafunsa.

"Amayi, mukatopa mumandikondabe?"

Amayi anapititsa dzanja kumbuyo. Anapeza dzanja la Kamphepo. Analigwira zolimba.

"Kutopa kumathera m'miyendo, mwanangu. Mumtima sikufika. Ndimakukonda m'mawa. Ndimakukonda masana. Ndimakukonda ngakhale ndikusinza."

Mtima wa Kamphepo unakhala pansi. Anasangalala kwambiri.

Kenaka amayi anayamba kuimba chapansipansi. Nyimboyo inkanjenjemera mumsana mwawo. Inadutsa n'kulowa mumsana mwa Kamphepo.

"Amayi, nyimbo yanu ikundigirigisha!"

"Ndileke?"

"Ayi, musaleke."

Amayi anapitiriza kuimba. Kamphepo anayamba kuvomereza. Anaimba limodzi, atatsamirana, mpaka nyimbo inatha. Kenaka anayamba ina.