Inki pa chala cha amake mapasa

Pamsasa wa pasukulupo lamulo linali limodzi: ukalandira chakudya cha tsikulo, chala chako chamkombaphala chiviikidwa mu inki. Makadi kunalibe. Anthuwo anathawa nkhondo chimanjamanja, ndipo timapepala timene ena anapulumutsa tinapita ndi madzi osefukira. Inkiyo inkazimiririka yokha tsiku likamatha. Ofika usiku pa bwato ankalandirira pageti, kwa mlonda wokalamba yemwe anali ndi botolo lakelake la inki.

Lachiwiri m'mawa amake mapasa anafika kutsogolo kwa mzere n'kutambasula dzanja. Chala chinali bii, inki yake yatsopano.

"Mwalandira kale, mayi," anatero wogawa chakudya, osadzutsa n'komwe mutu. "Wotsatira!"

Analumbira mpaka mawu kusasa, koma chala chinali chitawatsutsa kale. Tsikulo mapasawo, atsikana a zaka zisanu, anadya timpunga tomwe azakhali awo anawapatulira. Lachitatu chimodzimodzi. Pamsasa pakamwa sipapuma: ena amati mayiyo amalandira kawiri n'kumabisa, ena amati pali chomwe chimam'gwira dzanja akagona. Pofika Lachinayi ana aja anasiya kulira, ankangogona chafufumimba pasimenti, maso ali pa mbale za anzawo.

Usiku umenewo azakhali aja sanagone. M'kalasimo munali mdima wandiweyani, mabanja asanu ndi awiri olekanitsidwa ndi nsalu zopachika pa madesiki osanjikiza. Mvula inkangoti waa pamalata, wina ankatsokomola kukona, achule ali pakalapakala kubwalo. Kenaka mphasa inati tswa. Amake mapasa anadzuka maso ali chitsinzire, anawerama ngati wobereka mwana, namanga nsalu kumsana kopanda kanthu. Anatenga mbale n'kutuluka.

Azakhali anawatsatira chapatali. Anawaona ataima pageti, mlonda akuwathirira chakudya m'mbale n'kuwaviika chala mu inki. Kuchoka apo analunjika kubwalo la mpira, pomwe udzu unkathera m'madzi, anaika mbale pansi, anakhala kanthawi akugwedeza msana pang'onopang'ono, n'kubwerera kukagona. Mbaleyo anabwera nayo yopanda kanthu.

"Agogo, mukuwapatsiranji?" ananong'ona azakhali atabwerera kwa mlonda. "Simukuona kuti ndi a momwe muno? Ana akufa ndi njala m'kalasimo!"

"Ndinawazindikira usiku wachiwiri," anayankha mkuluyo chapansipansi. "Koma mwanayo, mayi. Ndim'mana bwanji?"

"Mwana uti?"

"Wakumsanayo. Kamnyamata konyowa chonchi, madzi ali chuchuchu m'tsitsi. Ndi iye amene amatambasula mbale."

Azakhali anakhala pansi m'matope momwemo. Mapasawo anali ndi mlongo wawo wa zaka ziwiri. Tsiku lowoloka mtsinje pothawa, madzi anam'tsomphola kumsana kwa amake, nsalu n'kutsala yomanga. Pamsasapo panalibe amene anauzidwa.

Usiku wotsatira azakhali anadikira kuti mlamu wawo agone, nawamanga mwendo ku desiki ndi chingwe choyanikira zovala. Pakati pa usiku desiki inakokeka, khwee, khwee, kenaka zii. Panja panamveka kuyenda kwa timapazi m'madzi, kuzungulira kalasi kawiri, n'kulowera chakugeti. Azakhali anafunda kumutu.

Kutacha chala chinali choyera. Amake mapasa analandira mpunga, nyemba ndi mafuta, ndipo ana anadya mpaka kunyambita zala. Mayiyo anaseka koyamba sabata imeneyo.

"Alamu, chingwe chija chinali cha chiyani?" anafunsa akutsuka poto.

Azakhali asanapeze bodza, mlonda anatulukira, akupita kukagona, maso ali psuu. Anaima patali ndithu, chipewa chili m'manja.

"Mayi, usiku wathawu mwana uja anabwera yekha," anatero. "Ndinam'bweza. Ana sitiwapatsa popanda wamkulu."

Azakhali anafotokoza zonse, chifukwa panalibenso chobisa. Amake mapasa anamvetsera osaphethira. Sanalire. Anayang'ana mapasa, okhuta, akusewera ndi zitsekerero za mabotolo, kenaka anayang'ana m'poto momwe anali atangotsukamo.

"Ndiye kuti wagona ndi njala," anatero.